Tiphunzire kugwa tisanaphunzire kumenya

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2

Anzanga amene mwaima pa bolodi pano, musathamange, belu silinalire. Ndikufuna tikambirane za masewera amene ambiri a ife tinawaonapo koma dzina lake sitilidziwa. Ngati munalowapo mu vidiyo sho pamsika n'kuonera filimu ya Steven Seagal, bambo wamtali uja womanga tsitsi kumbuyo, amene sadumphadumpha ngati Jackie Chan koma amangogwira mkono wa munthu n'kuupotokola, munthuyo n'kupezeka ali pansi, ndiye kuti munaona aikido. Kungoti munaona yokometsera filimu, yothyola mafupa kuti oonera akuwe. Aikido yeniyeni si imeneyo ayi. Ine maganizo anga ndi akuti, pa masewera onse omenyana amene anyamata amatengera m'mafilimu n'kumadzayeserera kuseri kwa makalasi, awa ndi amene angatipindulitse ife ana a sukulu yoyendera, m'thupi ndi m'mutu momwe. Chifukwa chake n'chakuti phunziro lawo loyamba ndi kugwa.

Amene anayambitsa aikido ndi Morihei Ueshiba wa ku Japan. Anabadwa mu 1883 m'tauni ya Tanabe, ndipo ali mwana anali wofooka, wodwaladwala, mpaka bambo ake anachita kumukankhira ku masewera a sumo ndi kusambira kuti thupi lilimbe. Atakula sanatalike. Ulendo woyamba atafuna kulowa usilikali anamubweza chifukwa cha kufupika. Nde inu amene mumatiseka ife afupiafupi pa asembule, mvetsetsani pamenepa. Mu 1915, ali ku chilumba cha Hokkaido kumene anapita ndi anthu akwawo kukatsegula minda, anakumana ndi katswiri wina woopedwa, Takeda Sokaku, amene anamuphunzitsa luso lotchedwa Daito-ryu, lopinda mfundo za thupi ndi kugwetsa mdani. Linali luso lankhanza, lopweteka kwambiri. Koma bambo ake atamwalira mu 1920, Ueshiba analowerera kwambiri m'zachipembedzo, ndipo pang'onopang'ono anayamba kusintha lusolo kuti munthu azitha kudziteteza popanda kuvulaza amene wamuputayo. Mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, anachoka mumzinda wa Tokyo n'kukakhala kumudzi ku Iwama, kumene ankalima kwinaku akuphunzitsa. Eee, ankalima, ngati makolo athuwa. Anamwalira mu 1969 ali ndi zaka 85. Dzina la masewerawa lili ndi zigawo zitatu: ai ndiye kugwirizana, ki ndiye mphamvu ya moyo, do ndiye njira.

Tsono mmene amasewerera ndi pamene pali nkhani. Anthu amakhala awiriawiri. Wina amatchedwa uke, ndiye woputa, amene amagwira mnzake mkono kapena kubwera ngati akufuna kumumenya. Winayo amatchedwa nage, ndiye wogwetsa. Uke akagwetsedwa kangapo, kumanja ndi kumanzere, amasinthana: wogwetsa uja tsopano ndiye azigwa. Ndiye kuti theka la nthawi yonse imene uli pa masewerawa umakhala ukugwa ndi kudzuka, kugwa ndi kudzuka, kaya ndiwe wobwera dzulo, kaya uli ndi lamba wakuda. M'magulu ambiri a aikido mulibe mpikisano. Palibe chikho, palibe wopambana, palibe woti anzake amunyamule pamapewa. Asanayambe amaweramirana, akamaliza amaweramirananso n'kuthokozana.

Kugwa kumeneku ali nako dzina, amati ukemi, ndipo kuli ndi malamulo ake. Chibwano umachitsitsa pachifuwa kuti mutu usagunde pansi. Mkono umaupinda pang'ono kuti ukhale ngati mkombero wa njinga. Ukamapita pansi, thupi limagudubuzika kuyambira kumkono, kudutsa paphewa, kupingasa msana mpaka kuchiuno cha mbali inayo, kenako wapezeka waimirira. Ukamagwa chagada, umapinda mwendo umodzi, n'kufika pansi ndi matako, msana utaupinda ngati mphika, osati kugwa ngati mtengo wodulidwa. Nzeru yake ndi yomwe ija ya mu Physics: mphamvu ya kugwayo ikagawika pamalo aakulu ndiponso kwa nthawi yotalikirapo, siipweteka ngati itathera pafupa limodzi nthawi imodzi.

Tsopano taganizani mmene ife timagwera. Munthu akaterereka, chinthu choyamba amatambasula dzanja kuti adzigwirire pansi, mkono uli tsaa. Kulemera konse kwa thupi kumathera pamfundo ya dzanja kapena pafupa lija la pakati pa khosi ndi phewa, ndipo malo amenewa ndi amene amathyoka kawirikawiri. Ndani pano amene sanaonepo mnzake atabwera ndi pulasitala, akulemba notsi ndi dzanja lamanzere temu yonse? Ife timagwa kwambiri kuposa ana a m'tauni. Timagwa pa njinga tayala likatitimira mumchenga, makamaka titakwezana atatu. Timagwa pa mjigo nthawi ya mvula simenti ikachita ndere. Timagwa m'mitengo ya mango mwezi wa Disembala. Atsikana a mpira wamanja amagwa pabwalo louma gwaa, lopanda ndi udzu womwe. Munthu akhoza kukhala moyo wake wonse osakumana ndi chigawenga choti alimbane nacho, koma palibe amene adzakalambe osagwapo. Agogo ambiri m'midzi mwathumu anasiya kuyenda chifukwa cha kugwa kumodzi kokha pakhomo la bafa. Nanga n'chifukwa chiyani timaphunzira kuponya theche, chinthu chimene mwina sitidzachifuna, n'kusiya kugwa kumene tikudziwa kuti kukubwera ndithu?

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga uku akuseka, amvekere: ife masewera olimbitsa thupi tichite nawo chiyani, poti timayenda mtunda wautali m'mawa ndi masana, kumapeto kwa sabata tili kudimba, madzi tikutunga, nkhuni tikuwaza? Zoona zimenezo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati ana a zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi mwamphamvu kwa mphindi 60 tsiku lililonse, ndipo ambiri a ife mphindi zimenezo timazikwanitsa tisanafike n'komwe pageti. Mphamvu tili nazo. Koma ntchito zathuzi zimatipindira mbali imodzi. Khasu limakuweramitsa, ndowa imakupanikiza khosi, kenako ukafika m'kalasi uweramenso pa desiki la anthu atatu, kapena ukhale pansi kope lili pabondo. Thupi limalimba koma limauma. Tayesani pompano, miyendo itawongoka, kugwira zala zakumapazi. Ena mwa inu a timu ya sukulu simufika, ndikudziwa. Aikido amayamba ndi kuwongola mfundo zonse, za manja, mapewa, khosi, chiuno. Amaphunzitsa kuima msana uli chilili, mapewa atamasuka, ndi kusuntha thupi lonse kuchokera m'chiuno osati kukoka ndi mikono yokha. Ali ndi kayendedwe kena koyenda chogwada kotchedwa shikko, kamene kamalimbitsa ntchafu ndi chiuno. Ndipo musaderere kudzuka pansi. Dzigwetseni n'kudzuka ka 20 motsatizana, muone ngati simupuma wefuwefu ngati mwathamangitsidwa ndi galu. Mtima ndi mapapo zimagwira ntchito pamenepo.

Koma chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi kwenikweni ndi cha m'mutu. Pa sukulu pano tili ndi matenda amene sitiwatchula, ndiwo kuopa kusekedwa. Aphunzitsi akafunsa funso, kalasi yonse ziii, si kuti tonse sitikudziwa, koma aliyense akuopa kuti akaphonya Chingerezi anzake amupatsa dzina limene adzayende nalo mpaka Fomu 4. Ena anasiya sukulu atalephera mayeso a temu imodzi yokha, manyazi basi. Timakula tikudziwa kuti kugwa pagulu ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo amene wagwa amadzuka msangamsanga n'kuyang'ana uku ndi uku ngati alipo wamuona, bondo likutuluka magazi iye ali kalikiliki kusasa fumbi. Tsono taganizani malo amene aliyense amagwa pamaso pa anzake kambirimbiri pa ola limodzi, wamkulu ndi wamng'ono, wodziwa ndi wosadziwa, ndipo palibe woseka chifukwa naye akugwa. Munthu wozolowera malo otero, kulakwa amakuona ngati chinthu wamba. Ine ndikuona kuti munthu wotere akalemba masamu olakwika pa bolodi, amangofufuta n'kuyambiranso, mtima uli m'malo.

Chachiwiri ndi mmene amakumanirana ndi munthu amene akubwera mwaukali. Mwachibadwa munthu akakuthamangira umachita chimodzi mwa zitatu: kubwezera, kuthawa, kapena kuuma pomwepo ngati chitsa. M'thupi mumatuluka timadzi totchedwa adrenaline, mtima umagunda mofulumira, mpweya umafupika, nzeru n'kubalalika. Aikido amaphunzitsa njira ina. Umachoka pamzere umene nkhonya ikudutsa, mwina polowa chakutsogolo cham'mbali mwake, kumene amati irimi, mwina potembenuka ngati chitseko, kumene amati tenkan. Ukatembenuka chotero umapezeka waima pambali pa mnzakoyo, nonse mukuyang'ana kumodzi, ndipo mphamvu imene anabwera nayo ija ndiyo imamupititsa pansi. Kuti zimenezi zitheke uyenera kukhala womasuka ndi kupuma bwino. Ukalimbitsa mapewa n'kugwira mpweya, sizitheka. Choncho tsiku lililonse munthu amazolowetsa thupi lake kuti zinthu zikavuta azitulutsa mpweya pang'onopang'ono m'malo mouma. Kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kumachepetsa kugunda kwa mtima, zimenezo n'zodziwika. M'malo ambiri ophunzirira aikido amayambanso ndi kukhala chogwada mwakachetechete kwa kanthawi, maso atatsinzina, kungomvetsera kupuma kwawo. Ife a Fomu 2 JCE ili pakhomo. Tonse tikumudziwa munthu amene amakhoza bwino m'kalasi koma akangolandira pepala la mayeso manja amanjenjemera, zonse zimene anawerenga n'kuuluka. Thupi silisiyanitsa pakati pa nkhonya ndi pepala la Maths, mantha ake ndi amodzi.

Nanga za mkwiyo? Apa ndilankhule ndi anyamata, musakwiye. Mpira wa pakati pa masukulu ukatha, kangati timabwerera kunyumba chothamanga chifukwa miyala yayamba kuuluka? Kangati mwana wa Fomu 1 walandidwa chimanga chake chokazinga n'kupatsidwa khofi, pa mlandu woti ndi watsopano? Amene amachita zimenezi amaona ngati kuopedwa ndiye ulemu. Mu aikido mnzako amakubwereka thupi lake kuti uphunzirirepo. Wakupatsa mkono wake, ndipo ukudziwa kuti ukaupinda mopitirira pang'ono chabe uthyoka. Akamva kuwawa amamenya pansi kapena pantchafu ndi dzanja linalo, iwe pomwepo usiye. Pakangotha mphindi ziwiri mkono uli m'manja mwa wina ndi wako. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, koma apa si mawa, ndi pompano. Munthu amene wakhala zaka akuphunzira kugwira mkono wa mnzake n'kuusiya wamoyo, sindikhulupirira kuti angakhale woyamba kutola mwala. Madzi akatayika saoleka: khofi limodzi lopsa mtima lachotsetsa anthu sukulu, ena mpaka kukagona kupolisi.

Sindikufuna kukunamizani kuti aikido ndi mankhwala a chilichonse. Akatswiri ambiri a nkhonya ndi masewera ena omenyana amaiseka, amati pa ndewu yeniyeni siigwira ntchito, chifukwa pophunzira mnzako amakugonjera dala pamene wakuba sangakupatse mkono mwaulemu. Mfundo yawo ili ndi mutu. Aikido imatenga zaka kuti munthu aidziwe, ndipo amene waphunzira miyezi itatu n'kumadziona ngati Seagal adzaona zakuda. Ena mwa ophunzira a Ueshiba anaona vutoli. Kenji Tomiki anayambitsa nthambi yake imene ili ndi mipikisano, ndipo Gozo Shioda anayambitsa ina yolimba yotchedwa Yoshinkan, imene apolisi oletsa zipolowe a ku Tokyo akhala akuphunzira. Kuvulala kuliponso, makamaka mawondo, mapewa ndi mfundo za manja. Koma ine sindikunena za kupambana ndewu. Ndewu imene ife tikulimbana nayo tsiku ndi tsiku ndi ya msana wouma, mantha ndi kupsa mtima.

Kwa ife atsikana pali kanthu kena. Njira zambiri za aikido zimayambira pa kugwiridwa mkono, ndipo ife kugwiridwa mkono tikukudziwa bwino. Pobwerera kunyumba, panjira yodutsa m'munda wa chimanga, mnyamata kapena bambo amene, amakugwira pamkono n'kumati taima kaye ndikuuze. Ambiri timangouma, mawu osatuluka. Munthu amene anagwiridwapo mkono kambirimbiri pophunzira sadzidzimuka motero. Amadziwa kuti dzanja la munthu ndi lofooka kumene chala chachikulu chimakumana ndi zinzake, ndipo ukapotokolera mkono wako kumeneko umapulumuka. Ukapulumuka usayambe kuonetsa luso ayi. Thawa, kuwa, kanene kwa makolo ndi kwa aphunzitsi. Phindu lake ndi lakuti miyendo ndi pakamwa zimagwira ntchito pa nthawi imene zikufunika. Komanso popeza masewerawa sadalira kukula thupi, mtsikana amaphunzira limodzi ndi mnyamata, wonenepa ndi wowonda, wachinyamata ndi wa imvi. Ndikudziwa kuti makolo ena anganene kuti mwana wamkazi sagudubuzika pagulu. Tingavale buluku, si nkhani. Ndipo mukaona zithunzi za akatswiri a aikido, amuna amene amavala chovala chakuda kapena chabuluu chotambalala chotchedwa hakama, chooneka ngati siketi yaitali, nde pamenepo palibe woseka mnzake. Ena angadandaule za kuwerama kuja kuti mwina n'kupembedza. Ine ndikuona ngati kuweramirana anthu awiri sikusiyana ndi mmene timapindira mawondo polandira chinthu kwa akuluakulu.

Tsono tichite chiyani, poti Japan ili kutali ndipo mphunzitsi wa aikido m'mudzi muno mulibe? Choyamba, chimene tisachite. Pasapezeke munthu wawerenga nkhaniyi n'kukapotokola mkono wa mng'ono wake, kapena kukadziponya chamutu kuseri kwa zimbudzi. Khosi silikhala ndi sipeya. Safunsa anadya phula. Kugwetsana ndi kupinda mfundo kudikire munthu wodziwa.

Koma taonani mmene tsiku la masewera limayendera pano. Anyamata 22 ali m'bwalo la mpira wamiyendo, atsikana 14 ali ku mpira wamanja, ndipo enafe mazanamazana tili pansi pa mitengo kukamba za eni, kapena tazemba kale. Masabata ena nthawi yomweyo imasanduka yotchetcha udzu. Amene sathamanga kwambiri, amene ali ndi thupi lalikulu, amene ali ndi manyazi, alibe pawo kuyambira Fomu 1 mpaka kumaliza. Pempho langa kwa ahedi ndi aphunzitsi a zamasewera ndi lakuti atilole enafe tiyambe kalabu, mphunzitsi mmodzi akhale wotiyang'anira. Zilipo zimene tingayambe popanda ngozi: kuwongola mfundo, kupuma mwadongosolo, kukhala chete mphindi zitatu, kuphunzira kusuntha mapazi ndi kutembenuka awiriawiri popanda kugwetsana. Mpira sufunika, yunifomu siifunika, nsapato timavula.

Za mphunzitsi wodziwa, kufunsa sikulipiritsa. Kagwedwe ka judo ndi ka aikido n'kapachibale, ndipo m'matauni mwathu anthu odziwa judo alipo. Mmodzi atabwera ngakhale kawiri pa temu kudzationetsa kugwa kokha, tapindula kale. Chinanso, dziko la Japan lakhala likutumiza anthu ongodzipereka kuno ku Malawi kuyambira 1971, pa ndondomeko imene lero imayendetsedwa ndi bungwe la JICA, ndipo ena mwa iwo akhala akuphunzitsa masamu ndi sayansi m'masukulu a sekondale. Ahedi atalemba kalata kudzera ku ofesi ya maphunziro, kufunsa ngati pakati pa alendowa pali wodziwa aikido kapena judo, titaya pepala limodzi ndi envulopu basi. Komiti ya makolo nayo iuzidwe poyera, zisamveke m'mudzi kuti kusukulu ayamba kuphunzitsa ana ndewu.

Vuto lenileni ndi pogwera. Ku Japan amagwera pa mphasa zochindikala zotchedwa tatami, ife tilibe, ndipo pa simenti ya m'kalasi sizingatheke. Koma mchenga kumtsinje ulipo waulere. Pamene tinkamanga buloko yatsopano ija tinatuta mchenga ndi mitu yathu yomweyi, sitinafe. Titakumba malo a mamita 6 mbali zonse kuseri kwa bwalo, n'kuchotsa miyala ndi zitsa, n'kuthira mchenga wosefa, ndiye kuti tsiku limene mphunzitsi wodziwa adzapezeke adzatipeza tili ndi poyambira, ndipo a masewera odumpha nawonso apezerapo mwayi. Ndasiya pepala loyera pansi pa nkhaniyi. Amene mukugwirizana nazo lembani dzina ndi kalasi, a Fomu 1 musaope, kuti Lachisanu tikapereke kwa aphunzitsi a zamasewera tili gulu. Amene kwanu kuli wilibala, ikani kanyenyezi pambali pa dzina lanu.